Nkhandwe ya michira 9 inachokera kwa agogo

Pamsika wa Chikweo, pakhonde la shopu yotchajitsira mafoni, ndinapeza anyamata anayi ataunjikana pa foni imodzi yong'aluka galasi. Ankaonera katuni ya Naruto. Nditawafunsa za nkhandwe ya michira 9 imene inatsekeredwa m'thupi mwa mnyamata wa m'katuniyo, onse anati ndi nzeru za wojambula. Ayi ndithu. Wojambulayo, Masashi Kishimoto, anayamba kutulutsa nkhaniyi mu 1999, koma nkhandweyo anaipeza itakalamba kale m'nthano za ku China ndi ku Japan.

M'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, Ajapani ankasonkhana usiku n'kuyatsa nyali 100. Munthu akatsiriza nthano ya mizukwa ankazimitsa imodzi, mdima n'kumakulirakulira. Ankati ikazima yomaliza, mzukwa weniweni utulukira. Mu 1776 Toriyama Sekien anasindikiza buku la zithunzi za ziwanda, ndipo zimene anthu ambiri ankangozimva ndi khutu anayamba kuziona ndi maso. Mu 1825 kunabwera sewero la Yotsuya Kaidan, la mayi Oiwa amene anamwetsedwa mankhwala oipa kuti mwamuna wake akwatire wina, tsitsi n'kumathothoka akamapesa. Mkazi wa tsitsi lophimba nkhope, wovala zoyera ngati sanda, amene anaopseza dziko mufilimu ya Ring mu 1998, ndi wa mtundu womwewo.

Koma amene amandikhudza mtima ndi wojambula Shigeru Mizuki, wobadwa mu 1922. Anakulira ku Sakaiminato, tauni ya asodzi, kumene gogo wina wosauka, yemwe ankamutchula kuti NonNonBa, ankamusimbira za ziwanda za m'denga ndi za m'madzi. Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse bomba linamudula mkono wamanzere pachilumba cha New Britain. Anabwerera kwawo n'kumajambula ndi dzanja limodzi lotsalalo, njala ili m'nyumba. Mu 1960 anatulutsa nkhani ya Kitaro, mwana wa diso limodzi wobadwira kumanda, ndipo mu 1968 inayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema. Lero msewu wa dzina lake ku Sakaiminato uli ndi ziboliboli zoposa 170, ndipo alendo amadzaza tauniyo kudzaona zimene gogo uja ankasimba.

Ifenso tili nazo. Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene anthu anati ndicho chinasesa Zomba mu 1946, Steve Chimombo anachilowetsa m'buku la ndakatulo mu 1987. Ndondocha nazo palibe mwana wa kuno amene sanazimvepo.

Ndinafunsa anyamata aja kuti Napolo amaoneka bwanji. Mkangano unabuka pomwepo: wina anati ali ndi nyanga, wina anati anganga ake amanena kuti ndi njoka chabe. Wamng'ono pa onse anatola kamtengo, n'kunjuta, n'kuyamba kujambula mutu wake pafumbi.