Mapu a umphawi mumzinda wa London

M'chaka cha 1886, Charles Booth, mwini kampani ya sitima zapamadzi wochokera ku Liverpool, anayamba kafukufuku wofuna kudziwa kuti osauka mumzinda wa London ndi angati ndipo amakhala kuti. Ndalama zake zinachokera m'thumba mwake.

Booth sanayende yekha khomo ndi khomo. Anadalira ogwira ntchito a zamaphunziro omwe ankazungulira m'makomo kuona ngati ana akupita kusukulu. Anthuwa ankadziwa bambo amene ntchito yamuthera, banja lopanikizana m'chipinda chimodzi, ndi nyumba imene ana amagona ndi njala. Alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka amene mumalemba mabanja m'madera mwanu, ntchito imeneyi mukuidziwa.

Zimene anasonkhanitsazo anaziika pa mapu omwe anayamba kutuluka mu 1889. Msewu uliwonse anaupaka mtundu wake: wachikasu kwa olemera, wofiira kwa opeza bwino, wabuluu kwa osauka, wakuda kwa otsikitsitsa. Anapeza kuti anthu pafupifupi 30 pa 100 aliwonse ankakhala mu umphawi. Mapuwo anaonetsanso kuti kanjira ka anthu ovutikitsitsa kamatha kubisala kuseri kwa msewu wa anthu opata.

Koma mtundu wakudawo unali ndi vuto. Booth anautanthauzira kuti ndi wa anthu amakhalidwe oipa, oyandikira ku umbanda. Pokonzanso mapu mu 1898 ndi 1899, ofufuza ake ankayenda ndi apolisi, ndipo maganizo a wapolisi pa msewu wina ankalowa nawo m'zolemba. Apa muyeso wa umphawi unasakanikirana ndi chiweruzo, ndipo banja lililonse la mumsewu wotero linasenza dzinalo, kaya ndi lolimbikira chotani.

Ngakhale zinali choncho, malo amene Booth analoza analidi pamavuto. M'chaka cha 2000, Danny Dorling ndi anzake anaika mapu a Booth pakompyuta n'kuwayerekeza ndi imfa za mu London pakati pa 1991 ndi 1995. Lipoti lawo mu British Medical Journal linaonetsa kuti madera ambiri omwe anali osauka nthawi ya Booth anali osaukabe patapita zaka 100. Pa imfa za sitiroko ndi khansa ya m'mimba, mapu akalewo analosera bwino kuposa muyeso wa umphawi wochokera m'kalembera wa 1991.