Kugwira Mnzako Kumsana Si Mantha

Kuyambira kale anyamata oweta ng'ombe m'madambo a kwa Dzoole, ku Dowa, ankayesana mphamvu pogwetsana, ndipo wogwa chagada ndiye ankagonja. Koma mbiri ya masewera olimbana imasonyeza kuti luso limaposa mphamvu, makamaka munthu akazembera mnzake n'kumugwira kumsana. Jigoro Kano anayambitsa judo ku Japan mu 1882, ndipo Mitsuyo Maeda anafika nayo ku Brazil mu 1914, kumene banja la Gracie linakulitsa njira zolimbanirana pansi. Mu 1993, pa mpikisano woyamba wa masewera omenyana a UFC ku Denver, Royce Gracie anagonjetsa Gerard Gordeau, yemwe anali wamtali kumuposa, pomukwera kumsana n'kumupana khosi ndi mkono.

Ena amati kudzera kumbuyo ndi mantha. Akulakwitsa, pakuti olimbana amayamba atayang'anizana, ndipo msana wa mnzako umaupeza utakhetsa thukuta. Ukakola ntchafu zake ndi zidendene, chifuwa chako chitamamatira pamsana pake, iye sakuonanso ndipo manja ake sakufikira. N'chifukwa chake malamulo a bungwe la masewera olimbana la IBJJF amapereka mapointi 4 kwa wogwira chotere. Aphunzitsi a masewera aphunzitse achinyamata athu lusoli, pamodzi ndi lamulo lomasula mnzako akangovomera kuti wagonja.