Za Mlandu Wotha Kale Umene Utsegulidwanso

Makolo athu ankati mlandu ukagamulidwa pabwalo, anthu amwazikane, ndipo wobwereranso nawo ayesedwa wosokoneza mudzi. Koma ife a kuno ku Mzimba tidziwa kuti mawu otsiriza nthawi zina amabwezedwa, makamaka pa nkhani ya cholowa, ndipo mbiri ya mpando wa Angoni itichitira umboni.

M'chaka cha 1904, ku Ekwendeni, mafumu a Angoni anapangana ndi Bwanamkubwa Alfred Sharpe kuti alowe pansi pa Boma la Angerezi, koma asalekeretu kuweruza anthu awo. Tsono mu 1915, pa nkhondo ya Ajeremani, Inkosi Chimtunga Jere anakana kupereka amuna a mtengatenga. Boma linamchotsa pampando wa atate wake M'mbelwa, ndi kumpitikitsira kummwera kwa dziko. Kwa Boma nkhani inathera pomwepo. Anamlola kubwerera kwawo mu 1920, koma ngati mfumu ya mudzi chabe, ndipo anamwalira mu 1924.

Anthu sanavomere, pakuti mpandowo unali cholowa cha mtundu wonse, ndipo eni ake sanafunsidwe. Aphunzitsi ndi abusa a Mombera Native Association, pakati pawo Charles Chinula ndi Yesaya Chibambo, analemba makalata zaka zambiri, osatopa ndi kukanidwa. Mu 1928 Lazaro Jere, mwana wa Chimtunga, anapatsidwa ufumu, ndipo mu 1933 Boma linamvomereza kukhala mkulu wa mafumu onse, M'mbelwa II. Zaka 18 si pang'ono; ambiri amene anaona kuchotsedwa kwa atate sanaone kukwezedwa kwa mwana.

Chaka chomwecho cha 1933 lamulo linakhazikitsa mabwalo a mafumu, koma linasiya khomo lotseguka: Bwana D.C. wa pa boma la Mzimba ankatha kuona mabuku a bwalo ndi kusintha chiweruzo. Motero mkazi wamasiye wa ku Embangweni, amene alamu ake anamlanda ng'ombe ponena kuti anamlowola, anali nako kokadandaula, akakhala ndi mphamvu yoyenda ulendowo.

Lero chuma cha masiye chiyendera lamulo la 2011. Wilo ilembedwe, ndipo mwini wake aisainire pamaso pa mboni ziwiri. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wolangitsa. Ngakhale tero, bwalo silitsegula mlandu wotha chifukwa chakuti wina sanakondwe ndi gawo lake, ndipo ife tiyesa kuti lichita bwino, pakuti abale angathere chuma chonse m'njira ya ku Mzuzu. Limafuna chifukwa cholemera: kuti wilo inali yachinyengo, kapena yapezeka ina imene malemu analemba pambuyo pake, kapena kuti mwana wa nyumba ina anabisidwa dala, osaitanidwa kuti adzanene mawu ake. Pamenepo kalata yogawira chuma ikhoza kufafanizidwa, ndipo ng'ombe ziwerengedwanso.