Mafuta a Pansi pa Malambo

Dziko la Mfumu Mnkhanya liri m'cigwa ca Luangwa, cimene Akunda eni ace amacicha Malambo. Makolo a kumeneko anali kuunikira ndi miuni ya udzu, ndipo mafuta amene anali kuwadziwa ndiwo a nsatsi, odzola m'thupi. Parafini anadza ndi masitolo a ku Fort Jameson, nalowa m'koloboyi, koma panalibe wofunsa kumene anali kucokera.

Funsoli linabuka Ian Smith atapandukira Britain pa 11 November 1965. Mafuta a Zambia anali kudzera m'Rhodesia, ndipo njirayo itatsekeka, dziko limene linali litangotha caka cimodzi liri pa ufulu linasauka koopsa. Petulo anagulidwa mwa muyeso. Ndege za Britain, Canada ndi America zinatuta mafuta, ndipo malole ambiri anathera pa mseu wa matope wocokera ku Dar es Salaam. M'caka ca 1968 Zambia ndi Tanzania anatsiriza mpope wa TAZAMA, wa makilomita 1,710, wofika ku Ndola, ndipo mu 1973 anatsegula Indeni kuti aziyengerako mafuta. Koma mpope ndi njira cabe. Mafuta anali a eni, ogula ndi ndalama za mkuwa.

Cifukwa cace maso anatembenukira ku Malambo. Akatswiri a miyala anadziwa kuti cigwaci ndi mng'alu wakalekale, wodzala ndi miyala ya mcenga ndi ya matope yosanjikizana, yochedwa Karoo, ndipo miyala yotere nthawi zina imasunga mafuta. Pakati pa 1986 ndi 1991 makampani awiri a ku America, Mobil ndi Placid Oil, anafufuza m'dziko, ndipo Placid ndiyo inatsikira ku Luangwa. Anthu ace analambula mizere yoongoka m'nkhalango za tsanya, nagwedeza nthaka, namvera ndi makina mau obwerera kucokera pansi, monga munthu agogoda mtengo kuti adziwe ngati uli ndi mphako. Kenaka anakumba zitsime ziwiri, Luangwa-1 ndi Chama-1, ndipo zonse ziwiri sizinatulutse mafuta. Pambuyo pace akatswiri ena anati zitsimezo zinalekezedwa zisanafike pa miyala yoyenera. Mauwo ali ndi nzeru, pakuti zitsime ziwiri sizingaweruze cigwa cacitali cotero. Koma citsime cimodzi cimadya ndalama zosaneneka, ndipo ofuna kuyesanso sanathamangire.

Nyali zimene zinayaka ku Mfuwe zinacokera ku madzi. Mtsinje wa Lusiwasi, potsika mapiri a Muchinga, unayendetsa makina a mamegawati 12, ndipo mawaya anadzera ku Msoro. Dziko lonse nalo linatsamira pa Kariba ndi Kafue Gorge. Ena anafuna kutseka Luangwa yemweyo pa Ndevu Gorge, koma madzi akadamiza minda ndi malo a nyama, zimene alendo amadzaona nasiya ndalama m'Malambo. Mafumu ena ndi anthu zikwi zambiri anakana, ndipo boma linaleka ganizolo mu 2019.

Madzi nawo anaonetsa malire ace. M'cilala ca 2024 nyanja ya Kariba inaphwera, ndipo magetsi anali kuzima maola 21 pa tsiku m'malo ambiri. Pamenepo dzuwa, limene m'Malambo limaocha koopsa mwezi wa October, linayamba kuwerengedwa ngati cuma: timagalasi ta sola tinaculuka pa madenga, ndipo mu 2025 boma linatsegula munda wa sola wa mamegawati 100 ku Chisamba.

Koma sola sinafike m'matanki a galimoto. Indeni inaleka kuyenga, ndipo kuyambira 2023 mpope wa TAZAMA umapopa dizilo woyenga kale. Malole otuta thonje ndi magalimoto a alendo akali kumwa mafuta a kutsidya la nyanja, otsika ndi mseu wa Chipata.