Ulendo wa Burkitt ndi khansa yotsata udzudzu

M'chaka cha 1957, pachipatala cha Mulago ku Kampala, dokotala wa maopaleshoni wochokera ku Ireland, Denis Burkitt, anaona mnyamata wamng'ono yemwe nsagwada zake zinali zitatupa mbali zonse, mano akugwedezeka. Sipanapite nthawi, anakumana ndi mwana wina wodwala chimodzimodzi ku Jinja. Atafufuza m'mafaelo akale a chipatala, anapeza kuti ana oterewa analipo ambiri, ndipo mu 1958 analemba za khansa imeneyi, yomwe lero imadziwika ndi dzina lake.

Chimene chinamusowetsa tulo ndi malo. Bwanji chotupachi chinkagwira ana a madera ena nkusiya ena? Mu Okotobala 1961 ananyamuka ndi madokotala anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, pa galimoto yakale ya Ford. Kwa masabata khumi anayenda makilomita pafupifupi 16,000, nafika m'zipatala zoposa 50 ku Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Mozambique mpaka South Africa. Paliponse ankaonetsa zithunzi za ana odwalawo ndi kufunsa madokotala ndi anamwino ngati anaonapo zotere, komanso kumene anawo ankachokera.

Mayankho a ku Nyasaland, Malawi wa lero, anali omveka bwino. Odwala ankachokera m'mphepete mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, pomwe kumapiri kozizira matendawa ankasowa. Ataika zonse pamapu, zinaoneka kuti khansayi imakonda malo otentha ndi a mvula yambiri, ndendende kumene udzudzu umaswana.

Poyamba ankaganiza kuti udzudzu ukufalitsa kachilombo koyambitsa khansa. Wofufuza wina, Anthony Epstein, yemwe anamvera Burkitt akulankhula pa Middlesex Hospital ku London mu 1961, anapempha kuti azimutumizira tizidutswa ta zotupazo kuchokera ku Kampala. Mu 1964, iye pamodzi ndi Yvonne Barr ndi Bert Achong anapezadi kachilombo m'maselo a chotupacho, koyamba kupezeka m'khansa ya munthu. Koma nkhani inavuta pomwepo: kachilomboka, kotchedwa Epstein-Barr, kamafala kudzera m'malovu, osati mwa udzudzu, ndipo anthu akuluakulu oposa 90 pa 100 alionse padziko lapansi ali nako popanda vuto.

Yankho linali m'chitetezo cha m'thupi, ndipo apa mpamene ulendo wa Burkitt unabala phindu lalikulu. Kachilomboka kamabisala m'maselo a B, amene amapanga zotetezera thupi ku matenda, nkuwasonkhezera kuti azichulukana. Mwa munthu wathanzi, maselo a T amalondera ndi kupha maselo ogwidwawo asanachuluke. Mwana amene akudwala malungo mobwerezabwereza amavutika mbali zonse ziwiri: maselo a T amafooka, pomwe maselo a B akukakamizidwa kugawikana usana ndi usiku polimbana ndi tizilombo ta malungo. M'chipwirikiti chimenecho selo limodzi limalakwitsa. Jini yotchedwa MYC imachoka pa kromozomu 8 nkukakhala pa kromozomu 14, pamalo pamene siizimanso, selo nkumangogawikana osaleka, ndipo chotupa chimatha kukula kawiri m'masiku awiri okha. Udzudzu unalimodi m'nkhaniyi, koma chimene unkanyamula ndi malungo. Ku Zanzibar, kumene malungo anali atachepetsedwa kwambiri m'zaka zimenezo, khansayi inkasowa.

Burkitt anaonanso chinthu china chimene chinadabwitsa madokotala a ku Ulaya ndi ku America. Ana ena ankachira atalandira mankhwala a cyclophosphamide kamodzi kapena kawiri kokha, mlingo wochepa kwambiri poyerekeza ndi umene unkaperekedwa pa khansa zina. Iye ankakhulupirira kuti mankhwala amachepetsa chotupa, kenako thupi la mwana limamaliza lokha ntchitoyo.

M'Malawi khansa imeneyi yakhala pakati pa khansa zofala kwambiri mwa ana, ndipo ku wodi ya ana ya Queen Elizabeth Central Hospital mu Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anakhala zaka zambiri akuyesa njira zoichizira ndi mankhwala otsika mtengo amene mwana wopereweredwa zakudya angathe kupirira. Chowawa nchakuti ana ambiri amafikabe mochedwa, makolo atayamba aganiza kuti ndi dzino kapena atazungulira kwa asing'anga, pomwe chotupa chofulumira chotere chimafuna mankhwala m'masiku oyambirira.