Ndodo yotumpulira ya atate anga

Atate anga anali msodzi m'madambo a Kafue asanapeze poloti kuno ku Kaunda Square mu Lusaka m'zaka za m'ma 1970, komboni ino isanadzaze. Anabwera ndi ndodo yawo yotumpulira, mtengo wautali wokhala ndi chikuni chogoba kunsonga.

Ankati m'bwato ungaimbe, ungakuwe, nsomba sizitekeseka. Koma ingogwetsamo nkhafi, zonse balala! Ananena zoona. Mawu ochokera mumpweya akagunda madzi abata amanjanja pafupifupi onse, olowa ndi gawo limodzi lokha mwa 1,000. Mafunde akawinduka, mawuwo amangomwazikira uku ndi uku. Phokoso lobadwira m'madzi momwemo ndiye lina: limathamanga mamita pafupifupi 1,480 pa sekondi, pomwe mumpweya ndi 340. Daniel Colladon ndi Charles Sturm anayeza liwiroli mu 1826 pa nyanja ya Geneva, poimba belu pansi pa madzi.

Wotumpula salimbana ndi malire a mpweya ndi madzi, amawaboola. Amatchera ukonde, n'kupalasa chapatali, n'kuyamba kubaya madzi. Chikuni chija chimakokera mpweya pansi, thovu n'kuphulikira komweko, ndipo nsomba zothawa zimakathera muukonde. Ku Malawi amachita zofananazo, amati chiombera.

Kale madambowo anali a Batwa, osodza ndi miono ndi mikondo. M'zaka za m'ma 1950 kunafika maukonde a nayiloni, pamodzi ndi asodzi ochokera ku Luapula ndi ku Barotseland, poti Lusaka ndi migodi ya ku Copperbelt zinkafuna ndiwo. Kenako damu la Kafue Gorge mu 1971 ndi la Itezhi-Tezhi mu 1977 anasintha kasefukiridwe ka madzi. Ndodo inali yomweyo, koma oigwira anachuluka, maso a ukonde nachepa.

Boma linaletsa kutumpula, ndipo ngakhale ndodoyo ndiyo inatilipirira sukulu, ine ndikuti linachita bwino. Phokoso silisankha. Limafika ndi m'mabango moswanirana, kumene nsomba yaikazi yofungatira ana m'kamwa imawalavula ndi mantha. Pofunanso kuteteza nsomba zoswanazo, usodzi umatsekedwa kuyambira pa 1 Disembala mpaka kutha kwa Febuluwale.

Chondiwawa n'chakuti kutumpula sikubisika. Usiku madzi akadekha, phokoso lake limayenda patali pamwamba pa dambo, ndipo msasa wonse umadziwa bwato limene latuluka. M'mawa amalonda amagulabe nsombazo.