Kuchokera pa Khungwa la Mtengo Kufika pa Magazi a Wodwala

M'chaka cha 1665, Robert Hooke wa ku England anasindikiza buku lotchedwa Micrographia. M'bukumo anafotokoza zimene anaona atadula kachidutswa kopyapyala ka khungwa la mtengo n'kukaika pa maikulosikopu. Anaona timabowo tambirimbiri tondondozana ngati chisa cha njuchi, ndipo anatitcha maselo. Kwenikweni Hooke ankaona makoma okha a maselo akufa.

Zam'kati mwa selo zinadziwika pang'onopang'ono. Mu 1831 Robert Brown anafotokoza za nyukiliyasi m'maselo a maluwa a orchid. Mu 1838 Matthias Schleiden ananena kuti zomera zonse zimapangidwa ndi maselo, ndipo chaka chotsatira Theodor Schwann ananena zomwezo za nyama.

Akatswiriwa anaphunzira kuti chinsinsi chagona pa kakonzedwe. Chinthu choyezedwacho chiyenera kukhala chopyapyala kuti kuwala kudutse, ndipo utoto umaonetsa zimene zikanabisika. N'chifukwa chake ophunzira amayambira pa kakhungu ka anyezi kodonthezera ayodini.

Lusoli linafikanso kuchipatala. Mu 1880 Alphonse Laveran anaona tizilombo ta malungo m'magazi a wodwala ku Algeria. Mu 1882 Robert Koch anaonetsa kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu pogwiritsa ntchito utoto. Utoto wa Giemsa, wa mu 1904, ukugwirabe ntchito poyeza malungo.

Mfundo ya Hooke sinasinthe. Magazi kapena makhololo akapakidwa pagalasi mochindikala mopitirira muyezo, kapena utoto ukapanda kulowa bwino, tizilombo sitioneka, ndipo wodwala angabwerere kwawo osalandira mankhwala.